Musanakumbe dziwe losambira ku South Africa: mapepala, malire ndi mpanda

Ntchito yanga yoyamba nditafika ku Johannesburg inali yokumba maenje a swimming pool, ndipo dzenje lachitatu lomwe ndinakumba tinalikwirira tokha. Tinali anyamata asanu, mapiki ndi mafosholo m'manja, chifukwa kanjira ka pakati pa nyumba ndi khoma la neba kanali kothina moti makina okumbira sakanalowa. Tsiku lachinayi, dzenje litafika m'chiuno, piki ya mnzanga inalira mwachilendo. Inali paipi ya suweji, ya dothi lowotcha ija, yodutsa kuseri kwa mapoloti onse a mzere umenewo. Zotsalazo tinamva ndi mphuno. Mwini nyumba anasankha malowo poyang'ana dzuwa, bwana wathu anavomera poyang'ana ndalama, ndipo panalibe anayang'ana pepala. A khonsolo anabwera, ntchito inaima, ife n'kubweza dothi lonse komwe linachoka, malipiro a sabata imeneyo osawaona.

Ndikulemba izi poganizira anthu amitundu iwiri. Alipo abale athu amene agula nyumba ku Joni kuno kapena ku Cape Town ndipo ana akuwavutitsa kuti akufuna posambira. Alipo enanso, ndipo ndiwo ambiri, amene amagwira ntchito yomanga, ya m'munda kapena yosamala maiwe, amene tsiku lina abwana amangowaloza ndi chala kuti kumbani apa. Nonsenu mukufunika kudziwa ndondomeko imodzimodzi, chifukwa zikavuta wolipira ndi mwini nyumba, koma woyamba kulozedwa chala ndi wogwira fosholo.

Yambani ndi kudziwa kuti pamaso pa lamulo la dziko lino, dziwe losambira ndi chomanga ngati nyumba. Lamulo lake ndi National Building Regulations and Building Standards Act, nambala 103 la chaka cha 1977, ndipo pofotokoza tanthauzo la chomanga limatchula dziwe losambira mwachindunji, limodzi ndi khoma ndi thanki yamadzi. Gawo 4 la lamuloli limaletsa kumanga popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo ya dera lanu. Pano mpamene anthu ambiri amasokonekera. Malamulo aang'ono otuluka m'lamulo limeneli amaika dziwe la pakhomo m'gulu la ntchito zing'onozing'ono, zotchedwa minor building work, pamodzi ndi khola la nkhuku ndi kashedi kosungira zipangizo. Ena akamva zimenezi amati ndiye kuti chilolezo n'chosafunika. Ayi ndithu. Chimene gawo 13 limanena n'chakuti mkulu woona zomangamanga ku khonsolo, yemwe amamutcha building control officer, angathe kukupeputsirani kuti musapereke mapulani onse, koma kupeputsako amachita ndi iyeyo, polemba kalata. Si inu, si kontilakitala wanu. Ndipo m'mizinda ikuluikulu kawirikawiri amafunabe chojambula choonetsa poloti yonse ndi pomwe dziwe likhale. Kontilakitala akakuuzani kuti "za mapulani musadandaule, ife timangomanga", muuzeni akulembereni zimenezo pa pepala ndi kusaina. Mudzaona akusintha nkhani.

Kenako sonkhanitsani mapepala, musanaitane n'komwe munthu wodzayeza malo. Loyamba ndi title deed ya nyumbayo, chikalata chosonyeza mwini wake. Ngati munagula pa ngongole ya kubanki, yeniyeniyo ili ku banki, koma kope yake mungaipeze kwa loya amene anayendetsa zogula nyumbayo kapena ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za malo. Iwerengeni yonse, ngakhale chizungu chake n'cholemetsa mutu ndipo zina zakale zinalembedwa m'Chiafirikanzi. Mukufufuza mawu awiri. Oyamba ndi servitude, kutanthauza kachigawo ka poloti yanu komwe wina, kawirikawiri khonsolo kapena kampani yamagetsi ya Eskom, ali ndi ufulu wodutsitsa paipi, ngalande kapena nthambo zamagetsi. Malowo ndi anu pa dzina, mumatchetcha udzu wake ndi kulipira msonkho wake, koma simungamangepo. Paipi ikaphulika adzabwera ndi makina n'kuswa chilichonse chili pamwamba pake, ndipo simudzalipidwa kanthu. Achiwiri ndi zoletsa zolembedwa mu title deed momwemo, monga zonena kuti pasamangidwe kanthu pa mtunda wakutiwakuti kuchokera kumsewu. Zoletsa zoterezi zimakhalabe ndi mphamvu ngakhale malamulo a mzinda atasintha, kufikira mutapempha mwalamulo kuti zichotsedwe, ndipo pempho lotere limadya miyezi.

Pepala lachiwiri ndi chojambula cha poloti chochokera ku ofesi ya Surveyor-General, chimene anthu amangoti SG diagram. Chimenechi ndicho chimanena pomwe pali malire enieni. Musakhulupirire khoma. Makoma ambiri a m'mayadi akale anamangidwa ndi diso, ena analowa kwa neba, ena anabwerera mkati. Mukayeza mita imodzi kuchokera pa khoma lolakwika, dziwe lanu lonse lalakwika. Ngati mabikoni a m'makona sakuoneka, kulipira woyeza malo wovomerezeka n'kotchipa kuposa kuswa konkire.

Lachitatu ndi mapulani akale a nyumbayo amene khonsolo inavomereza. Amaperekedwa kwa mwini nyumba kapena kwa munthu wonyamula kalata yake. Ubwino wake ndi woti amaonetsa modutsa mapaipi a suweji a pakhomopo. Koma ndikuchenjezeni pasadakhale: mukapereka pulani yatsopano, khonsolo imafanizira ndi yakaleyo. Zipinda za kuseri zomwe mumachititsa lendi, galaja yomwe inasanduka chipinda chogona, khonde lomwe munafolera, zonsezo ngati sizili pa pulani zidzaonekera, ndipo adzafuna kuti muzikonzere mapepala kaye. Ambiri amathawa chilolezo cha dziwe chifukwa cha zimenezi. Ine ndimati bola kuzikonza pano mtima uli m'malo, kusiyana ndi kudzazikonza mothamanga tsiku lomwe wogula nyumba ndi banki yake akudikira.

Ngati mukukhala mu complex kapena mu estate, palinso khomo lina loti mugogode musanapite ku khonsolo. M'nyumba za sectional title, momwe aliyense ali ndi nyumba yake koma malo ndi a onse, kabwalo ka kuseri kwanu nthawi zambiri si kanu ndi kanu. Ndi malo a onse omwe mwangopatsidwa ufulu wogwiritsa ntchito nokha, choncho body corporate, bungwe la eni nyumba onse a pamalopo, iyenera kuvomereza. Mu estate, bungwe la eni nyumba limakhala ndi malamulo akeake ndipo limadinda pulani khonsolo isanaione. Wokhala pa lendi alibe mawu pankhaniyi, wosaina ndi mwini nyumba basi. Nyumba ikakhala ya zaka zoposa 60, National Heritage Resources Act ya 1999 imafuna chilolezo china musanasinthe kapena kugumula mbali yake, ndiye ngati makina adzalowera poswa khoma lakale kapena khonde, funsani za izinso.

Mapepala akakhala patebulo, tsopano mungatuluke panja ndi chingwe ndi zikhomo. Choyamba chotsani malo onse a servitude. Chachiwiri funsani ku khonsolo za building line, mzere umene chomanga sichiyenera kudumpha kuyandikira malire. Mzerewu sufanana dziko lonse. Mzinda uliwonse uli ndi wake, ndipo umatengeranso kukula kwa poloti ndi gulu lomwe polotiyo inaikidwa. Ku Johannesburg amatsata Land Use Scheme ya 2018. Ku Cape Town amatsata Development Management Scheme, yomwe ili mkati mwa Municipal Planning By-law ya 2015, ndipo kumeneko dziwe limaloledwa kudumpha mzerewu bola litalikirane ndi malire mtunda wosachepera mita imodzi. Zimene mnzanu wa ku Durban anakuuzani n'za ku Durban. Mukafuna kuyandikira malire koposa momwe alolera, pali pempho lakelake lopeputsa mzerewu, ndipo kawirikawiri neba wokhudzidwayo amafunsidwa maganizo ake. Pitani mukacheze naye msanga, pulani ili m'manja, asanamve kwa a khonsolo. Munthu amakana msanga chinthu chimene wachimva mochedwa.

Malo otsala mutachotsa zonsezi ndiwo anu osankhapo, ndipo nthawi zambiri amakhala ochepa kuposa momwe mumaganizira. Pamenepo yang'anani nyumba. Dzenje lakuya likayandikira maziko, dothi lomwe lanyamula khoma limagwera mkati ndipo ming'alu imayamba. Amisiri ambiri amayendera kamuyezo kakuti dzenje litalikirane ndi maziko mtunda wosachepera kuya kwake. Kamuyezoko n'kongoyambira, mukafuna kuyandikira kuposa apo, kapena poloti ili potsetsereka, pakufunika injiniya wolembetsedwa ku ECSA, bungwe loyang'anira mainjiniya. N'chimodzimodzi ndi khoma la neba, lomwe maziko ake nthawi zambiri ndi osaya kwambiri. Lamulo limanenanso kuti kukumba kopitirira mamita 3, kapena kulikonse koika pachiswe chomanga choyandikana nacho, kumafuna chilolezo cholembedwa cha khonsolo musanayambe.

Yang'ananinso kumwamba. Pansi pa nthambo zamagetsi sipoyenera dziwe, ndipo amene anagwirapo ndodo yaitali ya aluminiyamu yokokolera masamba akudziwa chifukwa chake. Mitengo nayo ndi nkhani. Jakaranda wa ku Pretoria ndi wokongola mu Okutobala, koma maluwa ake onse amathera mu sefa, ndipo mizu ya mitengo ikuluikulu imatukula matailosi ndi kuphwanya mapaipi. Mtengo wa m'mphepete mwa msewu ndi wa khonsolo, musaudule. Dzuwa kuno limadutsira chakumpoto, choncho dziwe la kummwera kwa nyumba limakhala mumthunzi ndi lozizira miyezi yambiri. Ine ndimaonjeza chimodzi chomwe sichili m'buku lililonse: dziwe lizioneka kuchokera pa windo la kukhitchini kapena pabalaza.

Za nthaka ndiyenera kukhalitsapo, chifukwa apa mpomwe Gauteng imasiyana ndi kwina. Madera ambiri a ku Centurion, mbali zina za Ekurhuleni, ndi kumadzulo cha ku Westonaria ndi Carletonville ali pamwamba pa mwala wotchedwa dolomite. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi, n'kusiya mapanga pansi. Madzi otayikira malo amodzi kwa nthawi yaitali, kaya a paipi yodontha kaya a dziwe long'ambika, amakokolera dothi m'mapangamo, mpaka tsiku lina pansi pamangotseguka. M'chaka cha 1964, ku mudzi wa mgodi wa Blyvooruitzicht pafupi ndi Carletonville, nthaka inameza nyumba usiku banja lili m'tulo. N'chifukwa chake m'madera amenewa khonsolo silola dziwe mwachisawawa. Pali muyezo wa dziko lino wa SANS 1936 wonena za kumanga pa dolomite, pamafunika lipoti la akatswiri a nthaka, bungwe la boma loona za nthaka ndi miyala la Council for Geoscience limapereka ndemanga, ndipo m'malo ena yankho limakhala loti ayi. Mukamva neba akuti "ife tinakumba kalekale palibe chinachitika", kumbukirani kuti dolomite sachenjeza.

Kwina vuto ndi dothi lamakande, lomwe limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, n'kumakankha ndi kusiya khoma la dziwe chaka ndi chaka. Ku Cape Flats ndi madera ena amchenga, madzi a pansi amakwera nthawi ya mvula ya kumeneko, cha mu Juni ndi Julayi. Dziwe lopanda madzi pamalo otere limayandama ngati bwato, makamaka la fibreglass. Ndinaonapo lina litatukuka mbali imodzi chifukwa wantchito anauzidwa kuti alipope lonse alitsuke, mvula itagwa sabata yathunthu. Amene mumasamala maiwe, mukauzidwa kupopa madzi onse, funsani kaye za madzi a pansi.

Malo akapezeka, pulani ijambulidwe ndi munthu wolembetsedwa ku SACAP, bungwe loyang'anira ojambula mapulani. Funsani nambala yake. Makhonsolo salandira pulani ya munthu wosalembetsedwa. Pulaniyo ionetse poloti yonse, nyumba, dziwe ndi miyezo yake, mtunda wofika kumalire onse, mapaipi a suweji, pokhala pampu, kolowera madzi otsukira sefa, ndi mpanda. Mwini nyumba amasaina mafomu, mumalipira, n'kupereka. Ku Cape Town zimaperekedwa pa intaneti. Lamulo limapatsa khonsolo masiku 30 kuti iyankhe pa chomanga chosafika masikweya mita 500, koma akakubwezerani kuti mukonze china, kudikira kumatalika. Choncho amene akufuna kusambira pa Khirisimasi ayambe mapepala nyengo yozizira. Pulani ikavomerezedwa imakhala ndi mphamvu miyezi 12; mukapanda kuyamba kumanga m'nthawi imeneyo muyenera kupempha kuti akuonjezereni.

Musakumbe chidindo chisanatuluke. Chindapusa cholembedwa m'lamulo la 1977 ndi chosapitirira R100 pa tsiku, ndipo ena amaseka akamva. Chopweteka si chimenecho. Gawo 21 limalola khonsolo kupempha khoti la majisitireti kuti ntchito iime kapena chomangacho chigumulidwe. Kuonjezera apo a inshulansi angathe kukana kulipira khoma la neba likagwera m'dzenje losaloledwa.

Tsiku lokumba lisanafike, dziwitsani woyendera zomanga wa dera lanu, ndipo mufunse magawo omwe akufuna kudzaona ntchito isanaphimbidwe. Kope ya pulani yodindidwa ikhale pamalopo. Inu ogwira ntchito, ipempheni muione ndi maso anu, muyeze nokha kuchokera kumalire. Si mwano, ndi ntchito. Safunsa anadya phula. Fufuzani manhole aliyense pabwalopo, kadzenje kachivundikiro koonera mapaipi a suweji, mutsegule, muone komwe paipi yalowera, ndipo pafupi ndi pamenepo kumbani ndi manja. Konzekeraninso za dothi. Dziwe la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi, kuya kwake pakatikati 1.5, limalowa madzi okwana malita 48,000, ndipo dothi lotuluka limaposa pamenepo chifukwa dzenje limakula kuposa dziwe komanso dothi likakumbidwa limafufuma. Gwirizanani pa pepala kuti wolichotsa ndani ndipo akalitaya kuti. Kuliunjika m'mbali mwa msewu kapena kukalitaya pathengo usiku ndi mlandu wina. Dzenje likagona usiku, litchingeni. Mvula ya ku Highveld, chigawo chomwe kuli Joni, imagwa mwadzidzidzi madzulo, ndipo dzenje lodzaza madzi amatope n'loopsa kuposa dziwe lomalizidwa, poti pansi sipaoneka.

Tsopano mpanda. Muyezo wa SANS 10400 gawo D, wonena za chitetezo cha anthu, umati mwini malo aonetsetse kuti munthu sangafike padziwe kuchokera kumsewu, pamalo a anthu onse kapena pa poloti yoyandikana nayo, kupatula kudzera pa chipata chodzitseka chokha, chodzikowa chokha ndiponso chokhomeka, kapena kudzera m'nyumba ngati nyumbayo ili mbali ya mpandawo. Khoma kapena mpandawo usachepere mamita 1.2 kuchokera pansi, ndipo usakhale ndi mpata woti mpira wa mamilimita 100 n'kudutsa. Yesani ndi mpira weniweni, makamaka kunsi, pomwe nthaka yatsetsereka kapena galu wakumba. Chipata chiyeseni pochisiya chotseguka pang'ono chabe. Zambiri zimatseka bwino mukazikankha mwamphamvu koma zimaima panjira mukazisiya mofatsa, ndipo mwana amakankha mofatsa.

Werengani bwino mawu amenewo muona kuti khoma lozungulira yadi yonse ndi chipata chabwino zingathe kukwaniritsa lamulo. Apa ine ndi lamulo timasiyana. Khoma la kunja limateteza mwana wa mumsewu, koma amene amamira kawirikawiri ndi wa m'yadi momwemo: mdzukulu wobwera kudzacheza, mwana wa wantchito wokhala m'kachipinda ka kuseri, amene mayi ake ali mkati akusita. Mwana akamira sakuwa, saphiriphitha, amangolowa. Choncho ikani mpanda wachiwiri wozungulira dziwe lenilenilo, kapena ukonde, kapena chophimba cholimba chimene mwana sangatukule. Muyezo wa SANS 10134 umafotokoza za zotetezera zimenezi. Chipulasitiki cha thovu chija chosungira kutentha si chotetezera ayi. Mwana akapondapo chimamukulunga. Ndipo mpando, ndowa kapena mphika wa maluwa zisakhale pafupi ndi mpanda, chifukwa kwa mwana wa zaka zitatu zonsezo ndi makwerero. Inu amene mukukhala ndi ana anu kuntchito, nenani kwa abwana mosaopa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo lamulo limaika udindo wa chipatacho pa mwini malo.

Zamagetsi musapatse mlamu wanu wodziwadziwa. Pampu, magetsi a m'madzi ndi bokosi lake ziikidwe ndi munthu wa ziphaso motsatira SANS 10142-1, ndipo akupatseni Certificate of Compliance, satifiketi yotsimikiza kuti ntchito yatsopanoyo yatsata muyezo. Nyali za m'madzi zimayendera mavoti 12 kudzera mu thiransifoma yake, ndipo mzere wonse uyenera kukhala ndi earth leakage, siwichi yozimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi. Pampu musaiike pansi pa windo la chipinda chogona cha neba.

Madzi otsukira sefa ali ndi klorini, ena ali ndi mchere. Makhonsolo ambiri salola kuwatayira mumsewu kapena m'ngalande ya madzi a mvula, chifukwa ngalandezo zimathera mumtsinje osadutsa kosefera. Funsani komwe mzinda wanu umalola, ndipo paipi yake ikhale pa pulani kuyambira pachiyambi. Pa dolomite, kuwathira m'munda malo amodzi sabata ndi sabata ndiko kuitana kuti pansi patseguke.

Za kudzaza dziwe, a ku Cape Town anaphunzira mowawa. Pa chilala cha 2018, nthawi ya Day Zero, pamene ankaopa kuti mipopi ya mumzinda itsekedwa, munthu amaloledwa malita 50 pa tsiku ndipo kudzaza dziwe ndi madzi a pampopi kunali koletsedwa. Dziwe lija la malita 48,000 likanakhala madzi a munthu mmodzi a masiku 960. Chilala chinatha koma malamulo ena anatsala: mu Water By-law ya mzindawo, monga inasinthidwira mu 2018, dziwe liyenera kuphimbidwa pamene silikugwiritsidwa ntchito, ndipo chipangizo chodzazira chokha kuchokera ku madzi akumwa n'choletsedwa. Ku Gauteng nako zoletsa zimabwera madamu akatsika, choncho funsani zomwe zilipo sabata yomwe mukufuna kutsegula mpopi.

Ntchito ikatha, itanani woyendera uja adzaone komaliza ndipo mulandire kalata yosonyeza kuti zamangidwa motsatira pulani. Ndalama yomaliza ya kontilakitala igwireni kaye mpaka kalatayi, satifiketi ya magetsi ndi ya injiniya ngati analipo zili m'manja mwanu, chifukwa akalandira zonse foni yake imayamba kuvuta netiweki. Dziwitsani a inshulansi kuti pakhomo pano pali dziwe. Kenako tengani pulani yodindidwa ija, mujambulepo ndi cholembera modutsa mapaipi onse atsopano ndi nthambo ya pampu, muyeze kuchokera pa ngodya ya nyumba, ndipo muisunge pamodzi ndi title deed. Kope ina mupatse amene amasamala munda, kuti tsiku lomwe mudzamuuze kuti adzale mtengo wa mandimu pafupi ndi pampu, adzadziwe poponya piki.